Baiti imodzi ndi kabatire kakufa: sabata yanga yolondera pulogalamu

Sabata ino inayamba ndi imelo ya mzere umodzi yochokera kwa bwana: "Taonani ichi, mundiuze pofika masana." Pansi pake panali linki. Nditadina ndinapeza pulogalamu yathu itakhazikika bwinobwino pa webusaiti ina ya anthu ogawana mapulogalamu othyoledwa, dzina lake lomwelo, chizindikiro chathu chomwecho, pambali pake atalemba kuti sifuna layisensi. Panali patangotha milungu itatu chitulutsireni mtundu umenewu.

Ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono yopanga pulogalamu yoyendetsa makina odula zitsulo ndi matabwa. Anzanga amalemba mbali yowerengera njira imene mpeni udutse, liwiro lake ndi kuya kwake. Ine langa ndi khomo: kuonetsetsa kuti amene akutsegula pulogalamuyo ndi amene analipira. Mwachidule ndine mlonda, kungoti mpanda wanga ndi wa manambala.

Chinthu chochokera ku webusaiti ngati imeneyo sutsegulira pa kompyuta yako ya ntchito. Ndili ndi virtual machine, kompyuta yongoyerekezera yokhala m'kati mwa inzake, imene ndinaitsekera njira zonse zopita ku netiweki ya ofesi. Ikadwala umangoifufuta n'kudzutsa ina. M'menemo ndi momwe ndinaika pulogalamu yothyoledwayo, ndipo inatseguka mosavuta, osafunsa kanthu. Kenako ndinaika fayilo yawo pafupi ndi yathu n'kuziyerekeza baiti ndi baiti (baiti ndi kanambala kamodzi mwa timanambala topanga fayilo). Pa mabaiti mamiliyoni angapo, yosiyana inali imodzi yokha. Pamene ife tinali ndi 74, iwo anaikapo EB.

Manambalawa amalembedwa m'njira ya hexadecimal, yowerengera ndi zizindikiro 16 (0 mpaka 9, kenako A mpaka F), n'chifukwa chake mumaoneka zilembo. Kwa purosesa ya mtundu wa x86, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, 74 ndi lamulo loti "dumpha ngati ziwirizi zafanana", pamene EB ndi loti "dumpha basi, usafunse". Pulogalamu yathu imawerenga fayilo ya layisensi, n'kuona ngati chidindo chake chili chenicheni, ndiye pamapeto pake pamakhala funso limodzi: adutse kapena asadutse? Wothyolayo sanalimbane ndi chidindo n'komwe. Anangopeza pamene pali funsolo n'kulisandutsa lamulo loti aliyense adutse. Zida zake n'zosabisika, mapulogalamu osanthulira m'kati mwa mapulogalamu ena: Ghidra, imene bungwe la NSA la ku America linaipereka kwaulere mu 2019, kapena IDA Pro ndi x64dbg. Nanenso ndimagwiritsa ntchito zomwezo tsiku ndi tsiku. Ndikuganiza kuti anayamba n'kufufuza mawu amene timaonetsa layisensi ikakanidwa, n'kulondola m'mbuyo kufikira pamene mawuwo amaitanidwira. Ntchito ya madzulo amodzi.

Chimene chinandiwawa n'chakuti chidindo chathucho n'cholimba zedi. Timagwiritsa ntchito Ed25519: kiyi wachinsinsi amakhala kwathu, ndi amene amadinda layisensi iliyonse, pamene m'pulogalamu mumangokhala kiyi wapoyera wa mabaiti 32 wotsimikizira chidindo cha mabaiti 64. Popanda kiyi wachinsinsiyo munthu sangapange layisensi yabodza yoti n'kuvomerezedwa. N'chifukwa chake ma keygen, timapulogalamu topeka manambala a layisensi tomwe tinkavutitsa makampani kale, satigwira ife. Koma zinali ngati kuika loko wachitsulo pa chitseko chimene mahinji ake ali kunja.

Ndinapezanso china. Fayilo yaikulu inali yosiyana pa baiti imodzi, inde, koma choikira pulogalamu chawo chinkasiya kafayilo kena kosadziwika kamene kankadzuka kompyuta ikangoyaka n'kuyamba kudya mphamvu ya purosesa, kukumba ndalama za pa intaneti za mwini wake. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Masana ndinalembera bwana zonsezi, iwo anatumiza nkhaniyo kwa loya kuti alembere eni seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, achotse fayiloyo. Malamulo alipo: pangano la 1996 la WIPO, bungwe la mayiko loona za umwini wa ntchito zaluso, linauza mayiko olisainira kuti aziteteza njira zotchingira kukopera, ndipo ku America lamulo la DMCA la 1998 limaletsa kuzithyola. Koma fayilo ikachotsedwa pamalo amodzi imatulukira pena, ndiye ine sindidalira kalata.

Lachiwiri tinathera m'chipinda cha misonkhano, ndipo mawu anakwera.

Bwana anabwera atagamula kale. "Izifunsa seva yathu nthawi zonse. Intaneti ikangoduka, itseke. Nkhani yatha."

"Bwana," ndinatero, "makasitomala athu ambiri kompyuta yoyendetsa makina sailumikiza ku intaneti dala. Amaopa mavairasi, amaopanso kuti ingadziyambitsenso yokha mpeni uli pakati pa chitsulo. Tikatero tawachotsera ntchito m'manja."

Ndinawakumbutsa za Ubisoft, imene mu 2010 inalamula kuti masewera ake a pa kompyuta azikhala olumikizidwa nthawi zonse. Maseva atavuta, ogula ndi amene analephera kusewera, ndipo pomwe loko anathyoledwa, akuba ankasewera mwamtendere kuposa olipira. Pofika 2012 kampaniyo inasiya njirayo. Walira mvula walira matope: ukafuna kuti pulogalamu izidalira seva yako, walonjeza kuti seva imeneyo sidzagona, sidzadwala, ndipo idzakhalapo ngakhale kampani yako itatsekedwa.

Mnzanga wa pa desiki yoyandikana ndi yanga anati ndiye tiike kachidutswa kathu m'kati mwenimweni mwa Windows, kobisika, kolondera kuti munthu asakhudze mafayilo athu. Apa sindinachite kulankhula zambiri, chifukwa aliyense wa ntchito yathuyi amadziwa za Sony BMG. Mu 2005 kampaniyo inaika m'ma CD ake a nyimbo pulogalamu yotchedwa XCP imene inkadzibisa m'kompyuta ya wogula, n'kumabisanso fayilo iliyonse imene dzina lake likuyamba ndi $sys$. Katswiri wa makompyuta Mark Russinovich ataitulukira n'kulemba poyera, opanga mavairasi anayamba kutcha mafayilo awo mayina oyamba chimodzimodzi kuti abisale pansi pa mthunzi womwewo. Ma CD anabwezedwa kuchokera m'masitolo, milandu inatsatira. Palinso nkhani ya SafeDisc, loko wa ma CD a masewera: Windows 10 itatuluka mu 2015 inakana kuyendetsa dalaivala yake, kachidutswa kake kokhala m'kati mwa Windows, ndipo masewera ambiri akale amene anthu anagula ndi ndalama zawo anasiya kutseguka. Chilichonse chimene umaika pansi kwambiri m'kompyuta ya munthu, udzachisenza kwa zaka.

Ganizo lachitatu ndi limene linandiimitsa tsitsi. Mnzanga yemweyo, akuseka, anati pulogalamu ikazindikira kuti yathyoledwa isanene kanthu, ingoyamba kudula molakwitsa ndi mamilimita awiri kapena atatu, wakubayo aziwononga zitsulo mpaka atatopa. Opanga masewera amachitadi zotere: mu Serious Sam 3 ya 2011, woseweretsa kope yobedwa ankathamangitsidwa ndi chinkhanira chosafa. Pa masewera n'zoseketsa. Koma pa makina athu pamaima munthu, manja ake ali pafupi ndi mpeni, ndipo kawirikawiri munthu ameneyo ndi wolembedwa ntchito, si iye anaika pulogalamuyo. Ndinakana, ndipo ndinawonjezera kuti cholondera chilichonse chimalakwitsa nthawi zina n'kuloza chala munthu wosalakwa. Mnzangayo anapukusa mutu, akuti zimenezo n'zongokamba. Mayi woyang'anira zamalonda anandigwira mbali, bwana anatipatsa mpaka Lachisanu kuti tibweretse china chogwirika.

Sindinadziwe kuti umboni wa mawu anga ufika m'mawa mwake, ndipo kuti wochititsidwa manyazi ndikhala ine.

Lachitatu ndisanakhale n'komwe pa mpando, a ku desiki yothandiza makasitomala anandilumikiza ndi bambo wina, mwini malo odulira zitsulo, kasitomala wathu wa zaka zambiri. Mawu awo anali odekha mwa mtundu umene umaopsa kuposa kukalipa.

"Achimwene, ine ndinalipira chaka chonse, risiti ndili nayo pano. Pulogalamu yanu ikundiuza kuti ndasokoneza wotchi, yatseka. Ndili ndi anyamata anayi angoima, ndipo eni katundu akubwera madzulo. Mundiuze, ndaba chiyani?"

"Pepani kwambiri bambo. Tayang'anani pakona ya sikirini, kumunsi kudzanja lamanja. Tsiku likuti bwanji?"

Panapita kanthawi. Kenako anawerenga: tsiku loyamba la Januwale, chaka cha kalekale, pulogalamu yathu isanabadwe n'komwe.

"Kodi kompyutayo munaizula ku magetsi?"

"Usiku timazimitsa chilichonse pa switchi yaikulu. Nthawi zonse timatero."

Ndinadziwiratu. Pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pamakhala kabatire kozungulira ngati khobidi, ka CR2032, ka mavoti atatu. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ndi kusunga makonzedwe a BIOS, kapulogalamu koyambitsa kompyuta, kompyutayo ikakhala yopanda magetsi. Kamatha zaka zingapo, ndipo kakafa, kompyuta ikazulidwa imadzuka itaiwala tsiku n'kubwerera ku tsiku limene wopanga anaikamo. Kompyuta yolumikizidwa ku intaneti imadzikonzera yokha nthawi, koma iyi inalibe kofunsa.

Tsono mbali yolondera wotchi ndinalemba ndine, zaka zitatu zapitazo, ndipo ndinkanyadira nayo. Chinyengo chodziwika pa layisensi ya nthawi n'kubweza wotchi m'mbuyo kuti masiku asathe. Ndiye pulogalamu yathu imasunga mobisa tsiku lakutsogolo kwambiri limene inaonapo, ndipo ikaona kuti lero lili m'mbuyo mwa tsikulo, imati wagwidwa, n'kutseka. Sindinaganizepo za kabatire. Ndinkangoganiza za wakuba, mpaka ndinaiwala kuti makompyuta a m'malo odulira zitsulo ndi akale, odzaza fumbi, ndipo sasinthidwa bola akugwira ntchito.

Ndinawatsogolera kukonza tsiku, koma loko anali atadzimanga kale, moti panafunika nambala yomasulira. Iwo anandiwerengera pa foni zilembo zimene pulogalamu inaonetsa, ine n'kuzilowetsa m'chida chathu, n'kuwawerengeranso yankho, gulu ndi gulu, tikubwereza pamene B ankamveka ngati D. Kawiri konse tinalakwitsa. Kumbuyo kwawo ndinkamva anyamata aja akucheza, makina ali zii. Itatseguka, bambowo anapuma mpweya wautali.

"Ndiye mawa ndikazimitsanso?"

"Idzabwereranso m'mbuyo mpaka mutasintha kabatireko. Koma sidzakutsekeraninso, chimenecho ndikonza lero lomwe."

"Mukonzedi achimwene. Chifukwa mnzanga wina akugwiritsa ntchito yotsitsa pa intaneti, ndipo iye sanaimepo ngakhale tsiku limodzi."

Sanali kuopseza ayi, ankangonena zimene akuona. Mawu amenewo ndinawalemba pa kapepala n'kumata m'mphepete mwa sikirini yanga.

Kukonza kwake sikunali kovuta, chovuta chinali kuganiza bwino. Munthu wonyenga amabweza wotchi kufika m'kati mwa nthawi ya layisensi yake, mwezi umodzi kapena iwiri m'mbuyo. Sangaibweze kufika chaka chimene layisensiyo inali isanadindidwe, chifukwa sapindula kanthu. Ndiye tsiku lokhala m'mbuyo mwa tsiku lodindira ndi chizindikiro cha kompyuta yodwala, osati cha mbava. Tsopano pulogalamu ikaona zotere imangouza munthu kuti wotchi yake yasokonekera ndipo mwina kabatire katha, n'kupitiriza kugwira ntchito, uku ikudziwerengera yokha maola amene yayenda. Ngakhale pamene ikukayikiradi chinyengo, ndinachotsa kutseka kwa nthawi yomweyo: imachenjeza n'kupereka masiku 14, ndipo sidzaima ntchito yodula ili m'kati. Mawu oti "mwasokoneza wotchi" ndinawafufutanso. Makina alibe ufulu woimba munthu mlandu pa umboni wochepa chonchi.

Ndili pomwepo ndinayang'ananso mmene timamangirira layisensi ku kompyuta. Timatenga zizindikiro za zigawo zingapo, monga motherboard, disiki ndi khadi ya netiweki, n'kuzisakaniza kukhala nambala imodzi. Vuto la nambala imodzi n'lakuti munthu akangosintha disiki yowonongeka, kwa ife wasanduka mlendo. Microsoft itayambitsa kutsimikizira kwa Windows XP mu 2001, ndi kiyi wa zilembo 25 komanso masiku 30 oyembekezera, inaganizira zimenezi: inkayang'ana zigawo zingapo payekhapayekha n'kulola kuti zina zisinthe. Ife tinachita ulesi. Ndinazilekanitsa kuti chigawo chilichonse chizikhala ndi voti yake, zambiri zikagwirizana munthu adutse.

Lachinayi ndinavala zotsekera m'makutu n'kulimbana ndi baiti ija. Kuwonjezera mafunso ena khumi m'malo osiyanasiyana kumangowonjezera mabaiti khumi oti munthu asinthe. Chofunika n'choti pasakhale funso la inde kapena ayi, koma layisensi ikhale ndi chinthu chimene pulogalamu singayende popanda icho. Ife tili ndi matebulo a liwiro ndi kuya kwa mpeni pa chitsulo chilichonse, ntchito ya zaka zambiri ya anzanga. Ndinawatseka ndi AES, njira ya masamu yobisira zolembedwa, ndipo kiyi wotsegulira amabwera m'fayilo ya layisensi, atakulungidwa ndi zizindikiro za kompyuta ya mwini wake. Wosintha 74 kukhala EB adzadutsa pakhomo, koma adzapeza m'nyumba mulibe kanthu.

Ndinayesanso kukulunga fayilo yonse ndi chida chosokoneza khodi, cha mtundu wa Themida kapena VMProtect, chimene chimachititsa kuti wowerenga ndi Ghidra aone zopotapota zokhazokha. Pofika madzulo ndinachichotsa. Ma antivirus ena amakayikira mafayilo okulungidwa motere chifukwa opanga mavairasi amakonda zida zomwezo, ndipo pa kuyesa kwanga pulogalamu inkachedwa kutseguka pa makompyuta akale. Ndinangosiya chokulungacho pa kachigawo kakang'ono kotsegula matebulo.

Za dongle tinakambirana pang'ono ndi bwana pakhonde. Ndi kachipangizo ka USB kokhala ndi chipu chake, monga ta Sentinel kapena ta CodeMeter ya kampani ya Wibu-Systems ya ku Germany. Kale tizipangizo timeneti tinkalumikizidwa pa bowo lolumikizira pulinta. Tamakono timasunga makiyi m'kati ndipo tina timayendetsa mbali ya khodi momwemo, moti kutikopera n'kovuta kwambiri, ndipo sitifuna intaneti. Kwa makasitomala athu n'koyenera ndithu. Koma kamasowa, kamathyoka wina akakagunda ndi bondo, ndipo tsiku limenelo makina aima mpaka kena katafika. Tinagwirizana kuti tidzakapereke kwa ofuna, osakakamiza.

Lachisanu m'mawa ndinaitana mtsikana amene akuphunzira ntchito kwathu. Ali ndi miyezi yochepa, koma ali ndi khalidwe limene ndimalikonda: sakhulupirira chimene wauzidwa asanachione yekha. Ndinamupatsa pulogalamu yatsopanoyo, layisensi imodzi yovomerezeka, ndi kompyuta.

"Thyola," ndinatero. "Usandimvere chisoni."

"Nanga ngati zonse zimathyoledwa, achimwene, tikuvutikiranji?"

Funso limeneli ndi lakale kuposa tonse awiri. Bill Gates wa Microsoft analemba kalata yake yodandaula kwa okopera pulogalamu yawo ya BASIC mu 1976. Nthawi ya ma floppy, timadisiki takale tosungira mapulogalamu, opanga ankawononga dala tizigawo tina ta disiki kuti chokopera wamba chikanike, ndipo posakhalitsa panatuluka mapulogalamu okopera ndi zilema zomwe. Ena ankafunsa wosewera mawu a pa tsamba lakuti, mzere wakuti, m'buku la malangizo, ndipo anagonjetsedwa ndi makina a fotokope. Ngakhale loko wa Denuvo, wotchuka pa masewera kuyambira 2014, cholinga chake chachikulu n'kuteteza milungu yoyambirira pamene malonda ali pamoto. Chifukwa chake n'chosavuta: pulogalamu imayenda pa kompyuta ya munthu wina, ndipo chilichonse chimene purosesa yake ikuwerenga, mwini kompyutayo akhoza kuchiwerenganso akadekha. N'chifukwa chake makampani ena anasamutsira ntchito yeniyeni ku maseva awo, pamene ena monga GOG amagulitsa masewera opanda loko aliyense, kudalira kuti anthu agula chifukwa n'zosavuta. Ife tili pakati: mpeni sungadikire seva, ndipo makasitomala athu ndi ochepa moti kampani imodzi yaikulu ikagula layisensi imodzi n'kuika pa makina makumi awiri, timamva kuwawa. Ndinamuuza kuti amene ndimamuganizira polemba loko si katswiri wa Ghidra, koma munthu wabwinobwino amene angakopere ngati kukopera kuli kophweka kuposa kuimba foni.

Anagwedeza mutu n'kutembenukira ku sikirini yake. Ine ndinalemba lipoti la kwa bwana, ndinayankha maimelo, ndinatumiza pulogalamu yokonzedwa ya wotchi kwa bambo aja. Anayankha kuti asintha kabatire ndipo makina akulira. Nditadutsa kumbuyo kwa mtsikanayo masana, anali atayesa kale za baiti ija n'kupeza nyumba yopanda kanthu, anayesanso kuchotsa kiyi wathu wapoyera n'kuikapo wake kuti adzidindire layisensi, koma matebulo sanatseguke. Mumtima ndinayamba kuvina.

Cha m'ma 4 koloko anaima pafupi ndi desiki yanga, fulashi ili m'manja.

"Achimwene, matebulo anu aja ali umu. Onse."

"Wapeza bwanji kiyi?"

"Sindinamufune. Ndinatsegula pulogalamu ndi layisensi yabwino ija, ndinadikira kuti iwatsegule yokha, kenako ndinakopera zonse zimene zinali mu memory. Mumawatsegula onse pamodzi poyambira, n'kuwasiya pomwepo mpaka munthu atatseka."

Ndinalowetsa fulashiyo, ndinatsegula fayilo. Manambala a anzanga anali atandanda mizere yake mwadongosolo, osasowa ngakhale imodzi. Ndinapita kwa bwana kukawauza kuti zokonza za wotchi ndi za mavoti zituluke lero monga tinapanganira, koma loko watsopano adikire kaye. Pobwerera ndinatenga cholembera n'kulemba pa bolodi ntchito ya Lolemba: kutsegula mzere umodzi wokha pa nthawi imene ukufunika n'kuufufuta ukangogwiritsidwa ntchito, komanso kubisa m'matebulo a kasitomala aliyense chizindikiro chake chosakhudza kadulidwe, kuti akadzatuluka tidzadziwe anatulukira khomo liti. Pansi pake mtsikanayo anawonjezera ndi dzanja lake: "Lachiwiri ndithyolanso."